Vinagre wa maapozi sasungunula mafuta a m'thupi

TETE — Vinagre wa maapozi, amene pa botolo amalembedwa kuti vinagre de maçã ndipo kutsidya kwa malire ku Malawi amamutchula kuti viniga, wasanduka mankhwala pakamwa pa anthu ambiri. Kale ankagulidwa ndi ophika okha, kuti athire mu saladi kapena afewetsere nyama. Masiku ano mauthenga oyenda pa lamya za m'manja, pa WhatsApp ndi pa Facebook, akuuza amayi ndi abambo onenepa kuti akamamwa supuni imodzi kapena masupuni awiri m'mamawa asanalawe kanthu, mimba idzaphwa ndipo mafuta a m'thupi adzasungunuka okha popanda kusintha kadyedwe.

Mbiri imeneyi idayambira kutali, ku America ndi ku Ulaya, koma uthenga wa pa lamya sufuna chiphaso pa Calómuè kapena pa Zóbuè. Ungathe kufika ku Ulónguè, ku Furancungo ndi kumidzi ya ku Tsangano tsiku lomwelo limene wafika ku Maputo kapena ku Johannesburg. Ambiri mwa mauthengawa amatchula kafukufuku wa madokotala pofuna kuti anthu akhulupirire. Chimene satchula n'chakuti kafukufuku amene adatchukitsa kwambiri nkhaniyi m'chaka cha 2024 adathetsedwa m'chaka cha 2025 ndi magazini yomwe idamusindikiza, itapeza kuti manambala ake sadali odalirika.

Choncho munthu asanatapeko pa ndalama ya fetereza kapena ya makope a ana kuti agulire botolo, ndi bwino adziwe chimene chili m'botolomo, chimene akatswiri adapeza atachiyesa, ndiponso chimene chingachitikire mano ndi m'mimba mwake.

Chimene chili m'botolo

Aliyense amene adafululapo mowa akudziwa kale chiyambi cha vinagre. Mowa ukakhala masiku ambiri mumtsuko wosavundikira umasasa mpaka sumwekanso. Kusasako ndi ntchito ya tizilombo tosaoneka ndi maso, ndipo tina mwa ito timasandutsa ukali wa mowa kukhala asidi wowawasa.

Opanga vinagre wa maapozi amachita zomwezo mwadala. Amafinya zipatso n'kutenga madzi ake otsekemera. Yisiti amadya shuga wa m'madzimo n'kumusandutsa mowa. Kenaka mowawo amausiya pamene pakupita mpweya, ndipo tizilombo totchedwa Acetobacter timausandutsa asidi. Katswiri wa ku France, Louis Pasteur, ndiye adafotokoza bwino ntchito ya tizilomboti m'zaka za m'ma 1860. Dzina lakuti vinagre palokha limatanthauza vinyo wowawasa.

M'botolo la vinagre wa patebulo, magawo pafupifupi 5 mwa magawo 100 ndi asidi, ndipo pafupifupi zonse zotsala ndi madzi. Mavitamini ndi zina zothandiza m'mimba zimene munthu amapeza akatafuna chipatso chathunthu zimatsalamo zochepa zedi. Asidi ameneyu ndi yemweyo amene ali mu vinagre woyera wotsika mtengo. Mabotolo ena amakhala ndi nsenga zofiirira pansi, zimene ogulitsa amazitchula kuti mayi wa vinagre n'kumakwezerapo mtengo. Nsengazo ndi tizilombo tomwe tija pamodzi ndi zotsalira za zipatso, ndipo palibe kafukufuku wodalirika amene adasonyeza kuti zimachepetsa thupi.

Kumene mbiriyi idachokera

Chikhulupiriro chakuti zowawasa zimaondetsa n'chakale ku Ulaya. Zaka zoposa 200 zapitazo mlakatuli wa ku Britain, Lord Byron, ankamwa vinagre wosakaniza ndi madzi poopa kunenepa, ndipo achinyamata ena a nthawiyo adamutsanzira.

Koma amene adakweza vinagre wa maapozi pamwamba pa ena onse ndi dokotala wina wa kumudzi m'chigawo cha Vermont ku America, D. C. Jarvis. M'chaka cha 1958 iye adatulutsa buku lotchedwa Folk Medicine, m'mene adalimbikitsa anthu kumwa vinagreyu pamodzi ndi uchi pa matenda osiyanasiyana. Vermont ndi dera lozizira la minda ya maapozi, ndipo dokotalayo adalemba zimene ankamva kwa alimi a kumeneko ndi zimene iye yekha ankaona. Sadayese mankhwala akewo pa magulu a anthu monga momwe akatswiri amachitira. Ngakhale zidali choncho, mabuku oposa 1 miliyoni adagulidwa, ndipo kuyambira pamenepo mbiri ya vinagre imazilala n'kudzukanso pakapita zaka, nthawi iliyonse ili ndi wogulitsa watsopano kumbuyo kwake.

Zimene adapeza ku Japan ndi ku Iran

Mlangizi wa zaulimi akafuna kusonyeza ngati mbewu yatsopano ili yabwino, amagawa munda pawiri. Mbali ina amabzala yatsopanoyo, mbali ina yakale, ndipo pokolola amayerekeza matumba. Akatswiri a zaumoyo amachitanso chimodzimodzi: gulu lina la anthu limapatsidwa chinthu chimene chikuyesedwa, gulu lina limapatsidwa chofanana nacho maonekedwe koma chopanda kanthu, kenaka onse amakwera pa sikelo.

Kafukufuku wa mtundu umenewu amene amatchulidwa kawirikawiri adasindikizidwa ku Japan m'chaka cha 2009. Anthu onenepa 175 adagawidwa m'magulu atatu. Gulu loyamba linkamwa mamililita 15 a vinagre tsiku lililonse, yomwe ndi supuni imodzi yaikulu. Gulu lachiwiri linkamwa mamililita 30, masupuni awiri. Gulu lachitatu linkamwa chakumwa chopanda vinagre. Onse ankamwa wosungunula m'theka la lita ya chakumwa, osati wokhawokha. Patatha masabata 12, omwa vinagre adatsika pakati pa kilo imodzi ndi makilo awiri, pamene enawo sadatsike.

Pali zinthu ziwiri zimene mauthenga a pa lamya amadumpha pa kafukufukuyu. Choyamba, anthu aja atasiya kumwa, padangotha masabata anayi okha sikelo idabwerera pamene idali poyamba. Chachiwiri, akatswiri amene adachita kafukufukuyu adali antchito a Mizkan, kampani yaikulu yopanga ndi kugulitsa vinagre ku Japan. Zimenezi sizikutanthauza kuti adanama, koma mwini mbuzi akamaitama pamsika, wogula wanzeru amafunsanso kwa ena.

Masamu akenso ndi ofunika kuwaona. Masupuni awiri pa tsiku kwa masabata 12 ndi malita awiri ndi theka, kapena kuti mabotolo asanu a theka la lita. Ameneyo ndiye mtengo wa kilo imodzi kapena makilo awiri, amene amabwerera mwezi umodzi munthu akasiya. Wofuna kupitiriza chaka chathunthu adzafunika mabotolo 22.

Ku Iran m'chaka cha 2018 adayesa anthu 39 okha. Onse adawachepetsera chakudya cha tsiku ndi tsiku, koma ena adawaonjezera masupuni awiri a vinagre. Patatha masabata 12, a vinagre adatsika pafupifupi makilo 4, ndipo enawo makilo 2 ndi pang'ono. Apa chooneka poyera n'chakuti magulu onse awiri adatsika thupi chifukwa onse adachepetsa kudya. Anthu adalinso ochepa, ndipo aliyense ankadziwa ngati akumwa vinagre kapena ayi, chinthu chimene chimasintha khalidwe la munthu pa mbale.

Kafukufuku amene adathetsedwa

Mu Malichi 2024 magazini ya ku Britain yotchedwa BMJ Nutrition, Prevention & Health idasindikiza kafukufuku wochokera ku Lebanon. Achinyamata 120 a zaka 12 mpaka 25 adapatsidwa mamililita 5, 10 kapena 15 a vinagre m'kapu ya madzi m'mamawa uliwonse, ena osapatsidwa. Olembawo adati patatha masabata 12 omwa vinagre adatsika makilo 6 mpaka 8. Manyuzipepala ndi mawailesi a m'mayiko ambiri adafalitsa nkhaniyi, ndipo ogulitsa adaitola msanga.

Akatswiri ena ataona manambalawo adakayika, pakuti kutsika kotereku m'miyezi itatu kumafanana ndi kwa mankhwala amphamvu a jakisoni amene madokotala amapereka kwa onenepa kwambiri, mwinanso kuposa. Eni magazini adaitanitsa zolembera zonse za kafukufukuyo n'kuzipereka kwa akatswiri a masamu kuti awerengenso. Akatswiriwo adalephera kupeza zotsatira zimene zidasindikizidwa, ndipo adapeza zolakwika zambiri pa kawerengedwe. Kudapezekanso kuti kafukufukuyo sadalembetsedwe asanayambe, monga lamulo la magaziniyo limafunira.

Mu Seputembala 2025 magaziniyo idalengeza kuti yathetsa kafukufukuyo, ndipo idapempha atolankhani ndi ena onse kuti asamagwiritsenso ntchito zotsatira zake. Olembawo adati zolakwikazo sadazichite mwadala, koma adavomereza kuti kafukufukuyo athetsedwe. Vuto n'lakuti nkhani yoyamba idayenda mtunda wautali kuposa yachiwiri. Uthenga wonena za makilo 8 ukadali m'lamya za anthu, ndipo aliyense amene waulandira ayenera kudziwa kuti eni ake amene adausindikiza adaukana.

Chifukwa chake ena amati wawathandiza

Alipo anthu amene amanena moona mtima kuti atayamba kumwa vinagre njala idachepa. Akatswiri a ku Britain adafufuza zimenezi m'chaka cha 2014. Adapeza kuti anthu amene adamwa vinagre pa chakudya cha m'mawa adamvadi kukhuta, koma chifukwa chachikulu chidali nseru, ndipo chakumwa chikamaipa kwambiri m'kamwa chilakolako cha chakudya chinkatsikanso kwambiri. Munthu wa nseru sadya zambiri, monga momwe wodwala malungo amakanira nsima, koma palibe amene amati malungo ndi mankhwala a kunenepa.

Vinagre amachedwetsanso chakudya kuchoka m'chifu kupita m'matumbo. Kaamba ka ichi shuga wa m'magazi sakwera mofulumira munthu akangotha kudya buledi kapena mpunga. Akatswiri a pa yunivesite ya Arizona State ku America adaonetsa zimenezi m'chaka cha 2004 pa anthu ochepa ndi pa chakudya chimodzi. Phindu limeneli lilipo, koma ndi laling'ono ndipo ndi la maola ochepa. Silichiza matenda a shuga, ndipo silingalowe m'malo mwa mapiritsi kapena jakisoni wa insulini.

Chinanso n'chakuti munthu amene watsimikiza mtima mpaka kugula botolo nthawi zambiri amayambanso kuchepetsa shuga mu tiyi, kusiya mandasi ndi kuyendako pansi. Thupi likatsika, ulemu umapita kwa botolo pamene ntchito waigwira ndi mwini wake.

Mafuta a m'thupi ali ngati chimanga cha m'nkhokwe. Banja likamakolola zambiri kuposa zimene likudya, nkhokwe imadzaza. Imatsika pokhapokha zotuluka zikaposa zolowa. Thupi nalonso limasunga ngati mafuta chakudya chimene latsala nacho, ndipo limatapako pamene ntchito yachuluka kuposa chakudya. Vinagre amene wamezedwa sakafika pa mafuta a pamimba kuti akawasungunule ngati sopo pa mbale ya nyama. Amalowa m'magazi kudzera m'matumbo ndipo thupi limamugwiritsa ntchito monga chakudya china chilichonse.

Mano, kummero ndi mafupa

Wofuna kuona mphamvu ya asidi wa m'botolo aike dzira laliwisi m'kapu ya vinagre n'kulisiya masiku awiri. Adzapeza chigoba chasungunuka, dzira latsala lofewa. Dzino ndi lolimba kuposa chigoba cha dzira, koma nalo limadyeka pang'onopang'ono likamakumana ndi asidi tsiku ndi tsiku, ndipo chikuto chake choyera chikaperepeseka sichimeranso. M'chaka cha 2012 madokotala a mano a ku Netherlands adalemba za mtsikana wa zaka 15 amene mano ake adadyeka chifukwa ankamwa tambula ya vinagre wa maapozi tsiku lililonse pofuna kuchepetsa thupi. Kwa munthu wa kumudzi, amene dokotala wa mano ali naye kutali ndipo chithandizo chapafupi nthawi zambiri chimakhala kuzula, kuonongeka kwa mano ndi nkhani yaikulu.

Ku Austria m'chaka cha 1998 madokotala adalemba za mayi wa zaka 28 amene adamwa pafupifupi mamililita 250 a vinagre, kapu yathunthu, tsiku lililonse kwa zaka 6. Adagonekedwa m'chipatala potaziyamu atatsika kwambiri m'magazi mwake, ndipo mafupa ake adapezeka ofooka ngati a nkhalamba. Potaziyamu ndi mchere womwe uja alimi amaudziwa ndi chilembo cha K pa thumba la fetereza wa NPK. M'thupi la munthu umathandiza minofu kugwira ntchito ndi mtima kugunda bwino, ndipo ukachepa munthu amafooka, amamva kukokana kwa minofu, mwinanso mtima umasokonezeka.

Vinagre amagulitsidwanso ngati mapiritsi ndi masiwiti. M'chaka cha 2005 akatswiri a pa yunivesite ya Arkansas ku America adalemba za mayi amene piritsi lotere lidamukakamira pakhosi kwa theka la ola, ndipo adakhala miyezi akumva ululu pomeza. Iwo adayesa mitundu isanu ndi itatu ya mapiritsiwa n'kupeza kuti asidi wake adali wosiyana kwambiri, ndipo zolembedwa pa mabotolo sizinkagwirizana ndi zam'kati, mpaka adakayika ngati ena mwa mapiritsiwo adalidi ndi vinagre wa maapozi. Akale adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Pali anthu amene ayenera kupeweratu kumwa vinagre ngati mankhwala. Oyamba ndi a zilonda za m'mimba ndi a chilungulira, pakuti asidi pamimba yopanda kanthu amaonjezera kutentha. Ena ndi odwala impso. Enanso ndi omwa mapiritsi okodzetsa a kuthamanga kwa magazi kapena a mtima, chifukwa ambiri mwa mapiritsiwa amatsitsa kale potaziyamu. Obaya insulini kapena omwa mapiritsi a shuga angathe kutsitsa shuga mopitirira muyeso. Amayi oyembekezera ndi ana sayenera kuyesa njira iliyonse yochepetsera thupi popanda uphungu wa kuchipatala.

Kunenepa kwafikadi m'dziko muno

Ngakhale botolo silikuthandiza, nkhawa ya anthu amene akuligula ndi yoona. Kafukufuku wa dziko lonse la Moçambique adachitika m'chaka cha 2005 ndiponso m'zaka za 2014 ndi 2015, motsata njira ya bungwe loona zaumoyo padziko lonse la OMS. Pakati pa anthu a zaka 25 mpaka 64, amayi olemera mopitirira muyeso adakwera kuchoka pa 18 kufika pa 30 mwa 100 alionse, ndipo abambo kuchoka pa 12 kufika pa 18. M'zaka zomwezo a kuthamanga kwa magazi, kumene ambiri amangoti tensão, adakwera kuchoka pa 33 kufika pa 39 mwa 100, ndipo a matenda a shuga kuchoka pa 3 kufika pa 7. Vutoli ndi lalikulu m'mizinda kuposa kumidzi, koma moyo wa m'tauni ukulowa m'misika ya m'malire.

Zifukwa zake zikuoneka ndi maso. Mtunda umene kale munthu ankayenda pansi kapena kupalasa njinga, lero amakwera njinga yamoto. Wogulitsa pa benchi amakhala pansi kuyambira m'mawa mpaka madzulo, chakudya chake chili chipisi, mandasi ndi chakumwa chotsekemera cha m'botolo. Mafuta ophikira ndi shuga, zimene kale zinkaoneka pa Khirisimasi, tsopano zili pa grosale iliyonse. Pamwamba pa izi pali ulemu umene kunenepa kumapatsidwa. Mkazi akanenepa amati mwamuna akumusamala, bambo akatulutsa mimba amati zinthu zikuyenda, ndipo ambiri amadzazindikira kuti pali vuto mawondo atayamba kupweteka kapena mutu utayamba kuzungulira.

Kuonda sikuti nthawi zonse ndi mwayi

M'maboma a m'malire muli choopsa china chimene olemba mauthenga a ku America sachiganizira. Munthu angayambe kumwa vinagre, thupi n'kumatsika, iye n'kumasangalala kuti mankhwala agwira, chikhalirecho chikumudya ndi matenda. Kuonda kopanda chifukwa chodziwika ndi chizindikiro cha chifuwa chachikulu cha TB, makamaka ngati pali kutsokomola kwa masabata awiri kapena kuposa ndi kutuluka thukuta usiku. Ndi chizindikironso cha HIV. Matenda a shuga nawonso amaondetsa munthu amene adali wonenepa, pamodzi ndi ludzu losatha ndi kukodza pafupipafupi. Amene akuona zizindikirozi apite kukayezetsa osadikira kuti botolo lithe. Mankhwala a TB ndi ma ARV amaperekedwa kwaulere m'zipatala za boma.

Ena mwa omwa ma ARV amakono, okhala ndi mankhwala otchedwa dolutegravir, amaona thupi likukwera. Zimenezi madokotala akuzidziwa. Woteroyo asasiye mapiritsi ake kapena kudumphitsa masiku poopa kunenepa, koma akafotokoze nkhawa yake kwa anamwino pa tsiku lokatenga mankhwala.

Ndiponso si kukula konse kwa thupi kumene kuli mafuta. Miyendo kapena nkhope ikatupa, ndipo podina ndi chala pa msongolo pakatsala kadzenje, amenewo ndi madzi, ndipo angakhale akuchokera ku vuto la mtima, impso kapena chiwindi. Kwa mayi woyembekezera kutupa kwa nkhope ndi manja pamodzi ndi mutu waukulu ndi chifukwa chothamangira kuchipatala tsiku lomwelo.

Tisaiwalenso ana. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lino wa 2022 mpaka 2023 adapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu ndi opinimbira chifukwa chosowa chakudya choyenera. M'nyumba imodzi mungathe kukhala mayi wonenepa ndi mwana wopinimbira. Ndalama ya mabotolo asanu ikagula mazira, usipa, nsinjiro ndi nyemba, phindu lake limaoneka pa sikelo ya mwana.

Chingwe, mbale ndi miyendo

Munthu angadziwe ngati mimba yake yapitirira muyeso ngakhale alibe sikelo. Atenge chingwe, achiyeze kuchokera pamutu mpaka kuphazi, achidule pamenepo n'kuchipinda pakati. Chingwe chopindacho achizunguze pamimba, chapamwamba pang'ono pa mchombo, atatulutsa mpweya bwinobwino osakoka mimba. Nsonga zake zikakumana, zinthu zili bwino. Zikalephera kukumana, mafuta a pamimba achuluka, ndipo ameneŵa ndi amene amayenda limodzi ndi shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Lamulo lakuti chiuno chisapose theka la msinkhu lidalowa m'malangizo a zaumoyo a ku Britain m'chaka cha 2022. Siligwira ntchito kwa mayi woyembekezera.

Amene chingwe chamukana safunika kuonda mpaka kusanduka munthu wina. Kafukufuku wamkulu wa ku America amene adasindikizidwa m'chaka cha 2002 adatsata anthu 3,234 amene adali pafupi kudwala shuga. Gulu lina lidalangizidwa kutsitsa magawo 7 mwa 100 a kulemera kwawo ndi kuyenda mwandawala mphindi 150 pa sabata. Kwa munthu wa makilo 90, amenewo ndi makilo 6 okha, ndipo kuyendako ndi theka la ola masiku asanu. Pa gulu limeneli odwala shuga adachepa ndi magawo 58 mwa 100 poyerekeza ndi amene sadasinthe kanthu. Palibe kafukufuku wa vinagre amene adafikapo pa chiwerengero cha anthu chotere kapena pa zotsatira zotere.

Zofunika kusintha zili kale pakhomo. Wodya mitanda inayi ya nsima atsike pa itatu, kenaka iwiri, malo otsalawo adzaze ndi ndiwo zamasamba monga nkhwani, khwanya, mpiru, bonongwe ndi chisoso. Mgaiwa umakhalitsa m'mimba kuposa ufa woyera. Nyemba, zimene mapiri a Angónia ndi Tsangano amabereka zochuluka, zimakhutitsa popanda kunenepetsa msanga. Mbatata ya kachewere yophika ndi yosiyana kwambiri ndi yokazinga m'chiwaya chodzaza mafuta. Mafuta ophikira ayezedwe ndi supuni m'malo mothira kuchokera m'botolo.

Bungwe la OMS limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire magalamu 50 a shuga woonjezera pa tsiku, omwe ndi timasupuni ta tiyi pafupifupi 12. Chitini chimodzi cha chakumwa chotsekemera cha mamililita 330 chimatha kukhala ndi timasupuni 8, ndipo makapu awiri a tiyi wa timasupuni tinayi amafika pomwepo. Mowa nawonso, wa m'botolo ngakhale wa masese, umaonjezera pa nkhokwe ija. Amene wasiya chakumwa chimodzi pa tsiku wachita zambiri kuposa womwa masupuni awiri a vinagre, ndipo ndalama yatsala m'thumba.

Malo ake ndi kukhitchini

Vinagre si poizoni. Ndi wabwino pa saladi ya kabichi, tomato ndi anyezi, pa achar wa mango, pa tsabola wa piripiri ndi pofewetsa nyama, ndipo munthu akamadya masamba ambiri chifukwa vinagre wawakometsa, pamenepo wathandizadi. Amene alibe matenda atchulidwa aja koma akufunabe kumamwa asapitirire supuni imodzi kapena masupuni awiri pa tsiku, asungunule m'kapu yaikulu ya madzi, amwe pamodzi ndi chakudya, achukuche m'kamwa ndi madzi akamaliza, ndipo adikire theka la ola asanatsuke mano. Asamwe wokhawokha, asapatse ana, ndipo botolo alisunge patali ndi manja awo.

Koma amene akudera nkhawa ndi thupi lake ulendo woyamba ukhale wa ku centro de saúde, kukakwera sikelo, kukayezetsa kuthamanga kwa magazi ndi kufunsa za kuyezetsa shuga. Kuthamanga kwa magazi kumakhala zaka osamveka kuwawa mpaka tsiku limene munthu wafa ziwalo mbali imodzi, ndipo kumadziwika pokhapokha wamangidwa lamba woyezera pamkono. Safunsa adadya phula.